Mbalame za m'madzi zilipo muno mu Harare: yambirani padambo la pafupi nanu

Mayi wina wa ku Mufakose walemba kuti: "Mdzukulu wanga wa zaka 12 walowerera pa nkhani ya mbalame. Akufuna kuona mbalame za m'madzi ndi za m'mphepete mwa nyanja zimene amaziona pa TV. Malemu bambo anga anachokera ku Zomba ndipo ankatisimbira za mbalame za kunyanja ya Chilwa, koma ine ndalama yopita naye kumudzi kapena ku Beira ndilibe. Kodi muno mu Harare tingaone chiyani? Tipite kuti, nthawi yanji, nanga popanda choonera patali n'zotheka?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli, komanso chifukwa chosam'bweza mwanayo. Ndalama ya ku Beira isakusowetseni tulo. Zilipo ndithu mbalame zina zimene sizichoka kugombe la madzi amchere, ndipo zimenezo adzakaziona akadzakula. Koma zambiri mwa timbalame ta miyendo italiitali timene anthu amatijambula tikutolatola m'matope a ku Beira timateranso konkuno, panyanja ya Chivero, makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera pakati pa tauni. Komanso mzinda uno uli ndi mbalame za m'dambo zimene alendo amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kudzazifuna, pamene ife timazidutsa tili m'kombi osadziwa n'komwe kuti zili mu udzumo.

Ndiyambe ndi dambo, chifukwa mukalimvetsa dambo, zina zonse ziyenda zokha. Mawu akuti dambo ndi athu. Akatswiri a za nthaka ndi madzi anawatenga m'chinenero chathu chomwechi, ndipo lero amawalemba momwemo m'Chingerezi chawo. Kuno ambiri amati vlei, mawu ochokera ku Afrikaans, koma malo ake ndi omwe aja bambo anu ankawadziwa: chidikha cha udzu wopanda mitengo, dothi lakuda la makande, pouma gwa mu Okutobala koma ponyowa chinyowere mu Febuluwale. Harare anamangidwa pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mitsinje yake imayambira m'madambo amenewa. Mukuvisi amayambira cha ku Cleveland Dam n'kutsika kudzera ku Mbare. Marimba, amene amadutsa kwanuko, amachokera kumadambo a kumtunda n'kudutsa ku Monavale. Yonse imakathira mu Chivero, damu limene linamangidwa pamtsinje wa Manyame mu 1952, ndipo madzi a m'damumo amapopedwanso kubwerera m'mipopi yathu. Ndiye kuti mzinda uno umamwa madzi amene atsika kuchokera m'makomo mwake momwe. Udzu wa m'dambo ndiwo umagwira madzi a mvula ngati chinkhupule, kuwasefa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mbalame zimene mdzukulu wanu akufuna zimatsatira madzi amenewa: akakwera zimabwera zina, akaphwa zimabwera zina.

N'chifukwa chake funso lakuti "liti" ndi lalikulu kuposa lakuti "kuti". Pali nyengo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi malo ake.

Yoyamba ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala, dzuwa likuswa mtengo, madzi a Chivero atabwerera m'mbuyo n'kusiya matope m'mphepete. Apa ndiye pofikira alendo ochokera kumpoto kwa dziko lapansi. Amaswa ana awo ku Scandinavia ndi ku Siberia mu Juni ndi Julayi, ndipo chisanu chisanayambe kuumitsa nthaka ya kumeneko n'kusowetsa chakudya, iwo amauyatsa ulendo wa kummwera. Ambiri amakhala kuno mpaka Malichi kapena Epulo. Kamodzi mwa iwo, kotchedwa Little Stint, kamalemera ngati masupuni awiri aakulu a shuga, komatu kauluka makilomita oposa 9,000 kuti kadzatere pamatope amene inu mwaimapo. Zimenezi mumuuze mwanayo ali pomwepo, akukayang'ana. Ndaona ana amene ankangosewera ndi miyala akukhala chete kwa nthawi yaitali atamva zimenezi.

Vuto la alendowa n'lakuti onse amafika atavala zofanana, zotuwa pamwamba, zoyera kumimba. Musayambe ndi mtundu wa nthenga, mungatope msanga. Yang'anani kayendedwe. Kamene kakungogwedeza kumchira kosalekeza, tekete tekete, n'kumauluka chapansipansi pamwamba pa madzi mapiko ataumitsa ngati akunjenjemera, ndi Common Sandpiper. Kamawangamawanga kumsana, ka miyendo yachikasu mobiriwira ndi kamzere koyera pamwamba pa diso, ndi Wood Sandpiper, ndipo ndiko mudzakaona kawirikawiri ngakhale pazithaphwi za m'tauni. Yaikulupo, ya mlomo wopindikira m'mwamba pang'ono, imene ikadzidzimuka imafuula katatu kuti tyu-tyu-tyu, ndi Greenshank. Mukadziwa zitatuzi chaka choyamba, mwachita bwino kwabasi. Pambali pawo pamakhala eni mudzi osasamuka: Three-banded Plover, kokhala ndi mikanda iwiri yakuda pachifuwa ndi diso lozungulidwa ndi kufiira, komanso Blacksmith Lapwing, yakuda, yoyera ndi yotuwa, imene kulira kwake kumamveka ngati mmisiri akusula khasu, nting nting nting.

Ku Chivero komweko mudzakumana ndi mbalame zimene bambo anu ankazitchula, ndipo apa mpamene inu mudzakhale mphunzitsi woposa buku. Nkhwazi ilipo, ija ili pachizindikiro cha boma la Malawi ndi pambendera ya Zambia, imene anzathu Achishona amati hungwe. Muimve kaye musanaione. Ikamalira imaponya mutu kumbuyo, ndipo kawirikawiri yaimuna ndi yaikazi zimalandizana. Mukaziona zitatera pamtengo umodzi, yaikuluyo ndiyo yaikazi. Mphipi zilipo, zitakhala pazitsa za m'madzi mapiko atatambasula kuti aume, chifukwa nthenga zake zimalowa madzi, zomwe zimaithandiza kumira msanga posaka nsomba. Pali inanso yofanana nayo, African Darter, imene posambira thupi lonse limamira n'kungotsala khosi lalitali, moti mwana angafuule kuti njoka. Atsekwe alipo, akakowa ali mbwee, ndi abakha a nkhope yoyera amene amauluka chigulu akuimba mluzu. Palinso Pied Kingfisher, yakuda ndi yoyera, imene imaima m'malere pamalo amodzi mapiko akupupuma, kenako n'kudziponya m'madzi chamutu.

Koma imene ndikufuna muikhalire pansi ndi African Jacana. Ndi yofiirira ngati dothi la katondo, khosi loyera, chipumi chabuluu, ndipo zala zake n'zazitali modabwitsa, moti imayenda pamwamba pa masamba oyandama osamira. Mwa mbalame imeneyi, yaikazi ndiyo yaikulu, imakhala ndi amuna angapo, ikaikira mazira n'kusiyira bambo kuti afungatire ndi kulera. Tsiku lina m'mawa ndinakhala pagombe ndikuyang'ana yaimuna ili ndi anapiye atatu. Khwangwala atadutsa pamwamba, inalira kamodzi n'kugwada pang'ono, tianato n'kuthamangira kunsi kwa mapiko ake. Kenako inanyamuka n'kumayenda, ana osaoneka, kungoona timiyendo tokha tikulendewera m'mbali ngati tizitsotso. Ndinali nditawerenga kale za khalidweli, koma kuliona ndi maso kunandisiya kukamwa kuli yasa. Zoterezi sizioneka munthu akuyenda. Zimafuna kukhala pamalo amodzi mphindi 20 kapena 30, mbalame n'kukuiwalani.

Pa za nantchengwa, amene Achishona amati kondo: ndikudziwa kuti ambiri tinakula tikuuzidwa kuti ndi mbalame ya malodza. Ine ndingopempha kuti mwanayo asaiope. Ndi mbalame yakhama kwambiri, yodya achule ndi mbululu, ndipo chisa chake ndi nyumba yeniyeni ya denga, yopitirira mita imodzi m'mimba mwake, yolimba moti munthu wamkulu atha kuimapo. Ikachisiya, akadzidzi ndi abakha amalowamo.

Nyengo yachiwiri ndi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo malo ake ndi Monavale, kumadzulo kwa tauni, kufupi ndi Belvedere. Dambo limeneli lili pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, limene linasainidwa ku Iran pa 2 Febuluwale 1971. Zimbabwe inalowa m'panganoli mu 2013 ndi malo asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo ali pakhomo pathu pomwe: Monavale, Cleveland Dam, ndi Chivero pamodzi ndi Manyame. Chilwa ya bambo anu ilinso pamndandanda womwewo, moti mukaima pa Monavale mwaima pam'bale wake wa nyanja ya kwanu.

Munthu wofika ku Monavale koyamba amakhumudwa. Palibe nyanja, palibe mitengo ikuluikulu, ndi udzu basi, nyumba zili kuseri. Koma mvula ikagwa mokwanira, madzi n'kuyamba kuima m'munsi mwa udzu mpaka m'kakolo, dambolo limadzuka. Timbalame timene chilimwe chonse tinali totuwa ngati mpheta timasintha zovala. Red Bishop imasanduka yofiira ndi yakuda, n'kumauluka itadzitukumula pamwamba pa bango. Yellow-mantled Widowbird imada bii, msana wachikasu, mchira utatalika. Atimba amitundumitundu amalira paliponse, ndipo kuwasiyanitsa ndi maso n'kovuta, koma mtundu uliwonse uli ndi nyimbo yake. Ikubweranso Black Coucal, m'bale wake wa nkuta, yakuda ya mapiko ofiirira, imene imakonda kutera pansonga pa udzu wautali. Nayonso, monga Jacana, yolera ana ndi yaimuna. Madzulo dzuwa likupendeka, Marsh Owl, kadzidzi wogona pansi mu udzu, amatuluka n'kumauluka chapansipansi kusaka mbewa. Ndipo m'mabwalo a mpira ndi m'minda ya pafupi mudzaona gulu la adokowe akuda a mimba yoyera, Abdim's Stork, amene kuno amati shuramurove chifukwa amafika ndi mvula. Iwowa amachokera kumpoto kwa Africa yomwe ino, kumene amaswera.

Zimene zimakokera alendo akutali ku Monavale ndi mbalame zobisala: Striped Crake ndi Streaky-breasted Flufftail. Zimafika ndi mvula, zimaswera mu udzu wonyowa, madzi akauma zimachoka. Flufftail ndi kakang'ono, kangakwane m'dzanja, ndipo kamayenda m'munsi mwa udzu ngati mbewa. Ndisakunamizeni, mwina simudzakaona. Ine ndinakamva zaka zingapo ndisanakaone. Tsiku lina mu Januwale ndinaima padambopo m'bandakucha, thalauza litanyowa ndi mame mpaka m'chiuno, kamvula kakuwaza. Kanayamba kulira chapafupi, huu, huu, huu, mawu otsika ngati munthu akuuzira pakamwa pa botolo, kubwereza mosalekeza. Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa, osaona ngakhale udzu kugwedezeka. Ndinabwerera kunyumba ndili wokhutira, chifukwa ndinadziwa kuti chaka chimenecho dambolo linali lidakali ndi moyo. Mwanayo mumuphunzitse msanga kuti mbalame yomva ndi khutu nayonso imalembedwa m'kope.

Izi zikundifikitsa pa choonera patali, chimene m'masitolo mudzachipeza ndi dzina lakuti binoculars. Poyamba sichofunika. Nkhwazi, kakowa, mphipi, nantchengwa, Jacana ndi Bishop zimaoneka bwino ndi maso okha. Musathamangire zotchipa za m'misika zolembedwa manambala akuluakulu, chifukwa zimagwedeza chithunzi ndi kupweteketsa mutu. Mukadzapeza ndalama, funani cholembedwa 8x42, kapena 8x32 chimene chili chopepuka m'manja mwa mwana. Nambala yoyambayo ikutanthauza kuti chinthu chimayandikira kasanu ndi katatu, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Chogwiritsidwapo kale ntchito chilibe vuto, bola muyang'anemo kaye muone ngati chithunzi chikuoneka chimodzi. Panopa gulani kope ndi pensulo, osati bolopeni, poti inki imafufutika ikanyowa. Pa mbalame iliyonse alembe tsiku, malo, kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena nkhuku, maonekedwe a mlomo ndi miyendo, ndi zimene imachita. Ndipo asiye mipata itatu ya maina: la Chichewa limene mum'patse inuyo, la Chishona limene amve kwa anzake, ndi la Chingerezi la m'buku. Ndikunena izi mochokera pansi pa mtima. Maina athu a mbalame akutha muno mu Harare, chifukwa amene anabwera nawo kuchokera kumudzi akutsikira kulichete mmodzimmodzi. Ngati kumpingo kapena kumaliro mukumana ndi agogo amene anakulira ku Chilwa, ku Mangochi kapena ku Nsanje, muwaonetse chithunzi cha mbalame, muwafunse dzina, mwanayo alembe. Ngati muli ndi foni yamakono, pulogalamu ya Merlin ndi yaulere ndipo imathandiza kuzindikira mbalame, koma izibwera pambuyo pa maso ndi kope.

Musapite awiriwiri kumalo amene simukuwadziwa. Bungwe la BirdLife Zimbabwe limakonza maulendo oyenda pansi kumapeto a sabata, ku Monavale, ku Mukuvisi Woodlands, ku Chivero ndi kwina, ndipo limalandira ongoyamba kumene. Ku Monavale kulinso gulu la anthu okhala m'deralo, Conservation Society of Monavale, limene lakhala likuteteza dambolo ndi kulandira ana asukulu. Afunseni za masiku ndi pokumanira. M'magulu amenewa simulephera kupeza wina wobwereka mwana choonera patali, ndipo m'mawa umodzi woyenda ndi munthu wodziwa kulira kwa mbalame umaposa miyezi ya kuwerenga. Ku Haka Game Park, kumene kuli Cleveland Dam panjira ya ku Mutare, ndi kupaki ya ku Chivero, kumakhala kolipira pachipata. Ku Chivero kulinso Kuimba Shiri, malo osamalirako mbalame, kumene mwana angaone nkhwazi pafupi n'kuzindikira kukula kwa zikhadabo zake.

Za chitetezo ndinena mosapita m'mbali. Mu Chivero muli ng'ona. Mwana asaime pamlomo penipeni pa madzi, makamaka pamene pali bango kapena namasupuni, ndipo asalowemo ngakhale mpaka m'mawondo. Madziwo ali ndi likodzo komanso zonyansa za m'masuweji. Mu Disembala 2024 ndere zapoizoni za m'nyanjayi zinapha nsomba zambiri, nkhwazi, ngakhalenso zipembere zinayi. Choncho madzi akumwa mutenge kunyumba, ndipo mbalame kapena nsomba yakufa asaigwire. Padambo valani majombo ndi thalauza lalitali, mukabwerako mufufuze nkhupakupa m'miyendo. Mitambo ikada bii n'kuyamba kugunda, chokanipo msanga, chifukwa padambo munthu ndiye chinthu chachitali ndipo mphenzi za dziko lino si zamasewera.

Mbalamezo nazo zimafuna ulemu. Ambiri tsopano amaliza kulira kwa mbalame pafoni kuti ituluke. Kwa Flufftail imene ikufungatira, kumeneko n'kuichotsa pamazira kuti ikamenyane ndi mdani amene kulibe. Ine sindichita, ndipo mwanayo asazolowere. Yendani m'tinjira timene tilipo kale, poti zisa za m'dambo zili pansi, m'zitsinde za udzu, ndipo phazi limodzi limaswa zonse. Ngati mdzukulu wanu ali ndi legeni, musam'kalipire. Anyamata a legeni ndiwo amadziwa kunyang'ama ndi kudikira, ndipo angapo mwa odziwa mbalame amene ndayenda nawo anayambira komweko. Mungomuuza kuti tsiku la kope, legeni itsale kunyumba.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, ngakhale ndi yowawa. Ambiri a ife timalima chimanga m'madambo a mzinda uno, ndipo sindikuloza chala munthu, chifukwa ndikudziwa mtengo wa ufa. Koma khasu likatembenuza udzu wa dambo, mizu imene inatenga zaka zambiri kulukana imatha, dothi limakokoloka kupita ku Chivero, fetereza n'kukadyetsa namasupuni ndi ndere zija. Pamalo polimidwa pamadzamera chisoso ndi zitsamba zachilendo, ndipo Crake ndi Flufftail sizibwereranso. Choopsa koposa ndi nyumba ndi masitolo omangidwa padambo, chifukwa simenti ndiye sichoka. Malamulo a dziko lino amaletsa kulima pasanathe mamita 30 kuchokera kumtsinje, komanso kusokoneza dambo popanda chilolezo cha bungwe la boma loona za chilengedwe la Environmental Management Agency. Ngati muli ndi kamunda kumeneko, siyani mpata wa udzu m'mbali mwa madzi, ndipo musatenthe dambo m'chilimwe. Mwanayo akayamba kulemba, adzaona yekha kuti mbali ya udzu wachilengedwe ili ndi mitundu yambiri kuposa mbali ya mizere.

Loweruka likubwerali musadikire ulendo wautali. Dzukani naye cha m'ma 5 koloko, muyende masana asanafike kufupi ndi mtsinje wa Marimba kwanuko, pamalo poonekera pamene anthu amadutsa, osayandikira madziwo. Khalani pamenepo ola limodzi, alembe chilichonse, ngakhale akhale akakowa okhaokha ndi Lapwing imodzi. Mubwerenso pamalo omwewo mwezi wamawa, ndi winawo, kuti aone mmene mndandanda ukusinthira mvula ikamayandikira. Chivero muisungire Okutobala, Monavale muisungire pakati pa Januwale, patapita masiku angapo mvula ikugwa motsatizana. Mu Januwale momwemo ndi mu Julayi, okonda mbalame amawerenga mbalame za m'madzi m'madamu a dziko lino, monga zimachitikira m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo nthawi zonse pamafunika munthu wogwira kope pamene ena akutchula manambala. Mwana wa zaka 12 wolemba bwino atha kuigwira ntchito imeneyo. Tsiku la ku Monavale mum'tengere masokosi ouma m'jumbo ndi mbatata yophika, chifukwa pofika 9 koloko adzakhala atanyowa ndipo njala itam'gwira.